DZALA LA MAKOLO NDI DZALA LA LERO

Nkhani yokambidwa kwa eni makomo ndi aphunzitsi a dera la Lobi, m'boma la Dedza

Pa khomo liri lonse la m'mudzi pali malo amodzi amene mlendo saonetsedwa, ndiwo dzala. Kumeneko ndiko kumapita phulusa la m'mawa, makoko a mbatata, zosesa za pa bwalo ndi mphika wosweka. Amuna ambiri ayesa kuti dzala ndi nkhani ya amai ndi ana, yosayenera kukambidwa pa msonkhano. Koma dzala la masiku ano lasiyana ndi la makolo, ndipo kusiyanako kulikupha mbuzi, kulikuononga madimba, pena kudwalitsa ana. Cotero nkhaniyi iri ya mwini khomo ali yense, mwamuna ndi mkazi yemwe.

Kale zinthu zonse za pa khomo zinacokera ku munda, ku dambo kapena ku chire. Dengu ndi licero zinali za nsungwi, mphasa inali ya bango, cikho ndi cipande zinacita kumera, mtsuko unali wa dothi, cingwe cinali ca luzi. Munthu pogula kanthu kakang'ono anakulunga pa tsamba. Cinthu cikatha nchito yace cinatayidwa ku dzala, ndipo kumeneko nkhuku zinapalasa, nkhumba zinafukula, ciswe ndi nyongolotsi zinatsiriza zotsala. Pakupita mvula ziwiri panatsala dothi lakuda lofewa. Ndico cifukwa cace maungu, luni ndi bonongwe zimamera zokha pa dzala lakale, ndipo amai anzeru anakonda kuokapo nthoci. Makolo sanasowe lamulo la zinyalala, pakuti nthaka inali kulandira zonse zimene inapatsa.

Umboni wace uli m'boma lomwe lino. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali mzinda wa Kalonga, katswiri wa mbiri yakale Yusuf Juwayeyi anakumba dzala la anthu amene anakhalako zaka mazana anai kapena asanu zapitazo. Anapezamo mapale, mafupa a nyama, zidutswa za minyanga ya njobvu, zipangizo za citsulo ndi za mkuwa, mikanda ya galasi, ndi zidutswa za mbale zocokera ku China. Madengu, mphasa ndi makoko a zakudya za anthu ambiri cotero zinasanduka dothi kale lomwe. Cimene cimakhalitsa pa dzala ndi cosaola cokha, ndipo masiku amenewo zosaola zinali zowerengeka.

ZIMENE ZINABWERA NDI MSIKA

Lobi anakula cifukwa ca malonda. Kucokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Boma, mothandizidwa ndi dziko la Germany, linayamba kumanga malo a citukuko m'madera a kutali ndi matauni, ndipo Lobi anali amodzi a malo amenewo. Pambuyo pace anthu ocokera ku Japan anagwira nchito ndi alimi a m'derali pa ulimi wa masamba ndi zipatso. Kabici, matimati, anyezi ndi mbatata ya kacewere za kuno zimadyedwa ku Lilongwe, ndipo ndalama zace zamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana. Palibe munthu wanzeru angadandaule nazo zimenezi. Koma walira mvula walira matope. Galimoto yobwera kudzatenga kabici ndi yomweyo imene imadzasiya majumbo, mabotolo a pulasitiki, mabatire, matewera ogula ndi mabotolo a mankhwala opopera.

Mai wopita ku msika lero amabwerako ndi majumbo asanu kapena kuposa: la mcere, la matemba, la sopo, la shuga, ndi kena komangamo mafuta ophikira. Pofika madzulo onsewo atha nchito yao. Mai uja amacita monga anacitira amai ace ndi agogo ace, amasesa ndi kutaya ku dzala. Iye sanalakwe mwambo. Cimene casintha ndi katundu amene dzala lirikulandira, pakuti ciswe sicidya pulasitiki ndipo nyongolotsi sizimudziwa. Dzuwa limangomuphwanya m'tizidutswa, mphepo ya June ndi July imamuulutsira m'minda, ndipo mvula yoyamba imamukokolera ku dambo. Mlimi wa dimba potipula amamupeza pa khasu. Pamene pali jumbo pansi madzi salowa bwino ndipo mizu imapindika.

Mu 2019 kunawerengedwa kuti dziko la Malawi linali kupanga matani 75,000 a pulasitiki pa caka, ndi kuti magawo 80 mwa 100 anali ogwira nchito kamodzi kokha.

Woyamba kulipira ndi mbuzi. Jumbo lodyeramo chipisi ca pa ciwaya limatsala ndi mcere ndi mafuta, ndipo mbuzi imalimeza monga tsamba. Cifu ca mbuzi ciri ndi zigawo zinai. Jumbo limaima m'cigawo coyamba, osagayika ndiponso osaturuka, ndipo lina likabwera limapotana ndi linzace kufikira zitasanduka cibulumwa colimba. Mbuziyo imayamba kudya pang'ono, imaleka kubzikula bwino, imaonda ngakhale mimba iri yotupa. Mwini wace amagula mankhwala a njoka za m'mimba, osaona kusintha. Ena amayamba kuganizira mnansi wao. Coonadi cimadziwika tsiku losenda. Kafukufuku wina wa ku Mponela, m'boma la Dowa, anapeza pulasitiki m'mimba mwa ziweto 40 mwa 100 ziri zonse zophedwa kumeneko. M'mudzi mbuzi ndiyo banki. Ndiyo imagulitsidwa mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, ndiyonso imathandiza pa maliro. Kutaya mbuzi cifukwa ca jumbo ndi malonda oipa kopambana.

Imfa za mbuzi zomwezi ndizo zinautsa mai Gloria Majiga-Kamoto, amene anali kugwira nchito yothandiza alimi ndi ziweto, kuti amenyere lamulo loletsa majumbo opyapyala. Boma linakhazikitsa lamulolo mu 2015, kuletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa pulasitiki wopyapyala kuposa mamaikuloni 60. Maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Makampani opanga majumbo anakatenga ciletso ku khoti. Mu July 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulo ligwire nchito, ndipo mu 2021 maiyo analandira mphoto ya Goldman cifukwa ca khama lace. Koma milandu inapitirira, ciletso cina pambuyo pa cinzace, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene khoti linacotsa ciletso ndipo bungwe la MEPA, loyang'anira za cilengedwe, linayambanso kulondola lamulolo. Pafupifupi zaka khumi zinathera m'makhoti. Dziko la Rwanda linaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu 2019.

Lamulo ndi labwino, koma limagwira fakitale ndi sitolo. Silifika kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo silinena kanthu za botolo, batire kapena thewera.

MALO AWIRI M'MALO MWA AMODZI

Alangizi a zaumoyo poyendera midzi amafunsa cimbudzi, bafa, thandala la mbale, cingwe coyanikira zobvala, mpondagiya ndi dzenje la zinyalala. Zonsezi nzofunika. Koma dzenje limodzi silikwaniranso masiku ano. Khomo lotaya zonse m'dzenje limodzi limaluza kawiri: zoola zimasakanizika ndi magalasi ndi mabatire kotero kuti sizingapite ku munda, ndipo dzenje limadzaza msanga ndi zinthu zimene zikadakhala manyowa. Cofunika ndi malo awiri, ena a zoola ndi ena a zosaola, ndipo kulekanitsako kucitike pa nthawi yosesa, tsache likali m'manja. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kuphunzira zimenezi tsiku limodzi. Funso lace ndi limodzi: kodi ciswe cingadye ici?

Munthu akayesa kulekanitsa kwa sabata imodzi adzadabwa kuona kuti mulu wa zoola ndi waukulu kwambiri kuposa unzace. Zinyalala zambiri za khomo la m'mudzi si zinyalala konse, koma cakudya ca ziweto ndi ca nthaka cimene casocera njira.

Ziweto ziyambe ndizo kusankha. Madeya, mkute, makoko a maungu ndi masamba akunja a kabici ndi za nkhuku, akalulu ndi nkhumba. Pano pali cenjezo limodzi kwa oweta nkhumba, amene ali ambiri m'dera lino. Cigodola ca nkhumba ciribe mankhwala, ndipo kacirombo kace kamakhala nthawi yaitali m'nyama, ngakhale yowamba. Zotsala za nyama ya nkhumba yogula pa msika, mafupa ace, ndi madzi otsukira nyamayo zisapite ku khola. Zotsala za ku malo odyera ziyambe zawiritsidwa bwino lomwe. Makola ambiri atha ndi mbale imodzi ya makombo.

Madzi otsukira mbale nawo asatayidwe pa bwalo pamene amacita thope loitana nchenche. Kangalande kakang'ono kocokera pa thandala kupita pa phata la nthoci kapena pa bedi la mpiru kamapatsa banja ndiwo m'cirimwe popanda kutunga madzi ena.

Zotsala zonse zoola zipite pa mulu wa manyowa. Nzeru imeneyi si yacilendo, ndi dzala lomwe lija la makolo, koma losamalidwa. Mngelezi wina, Albert Howard, amene anagwira nchito ku Indore m'dziko la India kucokera 1924 mpaka 1931, anaonera alimi a kumeneko ndi kuphunzira za alimi a ku China, nakonza njira younjika zinyalala m'mizere kuti ziole msanga. Njira zimene alangizi amaphunzitsa kuno, monga ya dzenje, ya cimato ndi ya cangu, zonse zimayendera mfundo yomweyo. Tizirombo tosaoneka ndi maso ndito timaoletsa mulu, ndipo tifuna zinthu zinai: zouma, zaziwisi, madzi ndi mpweya.

Malo ace akhale pa mthunzi. Pansi payambe mapesi oduladula, kutalika kwa mzere wace monga cikhatho cotambasula. Kudula nkofunika, phesi lathunthu limatha caka lisanaole. Pamwamba pace pabwere zaziwisi, monga makoko a ku khichini, masangwi a nyemba, udzu wanthete ndi masamba a deliya, amene amamera okha m'mbali mwa miseu ndipo amaola msanga zedi. Kenaka ndowe za m'khola, zitosi za nkhuku zikapezeka, phulusa lowaza pang'ono, ndi dothi la pamwamba lakuda. Mzere uli wonse uwazidwe madzi. Mizere ibwerezedwe cotero kufikira mulu utafika m'ciuno kapena pa cifuwa ca munthu wamkulu, ndipo pakati pazikidwe mtengo wosongoka.

Mtengo umenewo ndiwo umanena za m'kati. Pakapita masiku atatu kapena anai uzulidwe ndi kugwiridwa. Ukakhala wofunda ndi wonyowa, nchito irikuyenda. Ukakhala wozizira ndi wouma, kapena ukaturuka ndi nkhungu yoyera, madzi acepa. Mulu ukamanunkha pfungo loipa, madzi acuruka ndipo mpweya wasowa. Pamenepo utembenuzidwe ndi kuonjezera zouma. Muyeso wa madzi ndi wa m'dzanja: munthu akafinya cinyalala cinyowetse cikhatho koma cisadonthe. Mulu wa cangu umatembenuzidwa kawiri kawiri ndipo umapsa msanga, koma ufuna mphamvu. Wa cimato umamatidwa ndi dothi ponseponse, kusiya kabowo pamwamba kothirirapo madzi, ndipo sufuna kutembenuza. Umenewu ndi woyenera khomo la nkhuku ndi nkhumba zoyenda zokha, ndi la anthu okalamba. Dzenje ndi labwino pa mtunda m'cirimwe, koma ku dimba ndi nthawi ya dzinja limadzaza madzi, ndipo zinyalala zimangobvunda osapsa.

Manyowa akupsa amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira monga dothi la m'nkhalango, ndipo munthu sangazindikirenso khoko kapena phesi. Kawiri kawiri amatenga miyezi itatu. Ku Lobi, kumene June ndi July amazizira kwambiri, mulu umacedwerapo, makamaka ukakhala waung'ono. Mulu waukulu wofunditsidwa udzu umasunga kutentha kwace.

Alimi a masamba asamale cinthu cimodzi cimene a cimanga cokha sabvutika naco. Si cinyalala ciri conse ca ku dimba ciyenera kulowa pa mulu. Kabici wotupa mizu ali ndi nthenda imene imakhala m'nthaka zaka zoposa khumi, ndipo mulu wa pa khomo sutentha kokwanira kuipha. Mlimi woponya ziputu zotere pa manyowa adzasenza nthendayo pa mutu pace ndi kukaibzala yekha m'dimba lace lonse. Cimodzimodzi mitengo ya matimati ndi ya kacewere yofota ndi nthenda kapena yogwidwa ndi ciwau, pamodzi ndi mbatata zoola. Zimenezi ziumitsidwe ndi kuochedwa, kapena zikwiriridwe kutali ndi dimba. Phulusa nalo liri ndi malo ace: limacepetsa kuwawasa kwa nthaka ndipo kabici amakondwera nalo, koma locuruka pa munda wa kacewere limathandiza nthenda ya zipere pa khungu la mbatata.

Ena adzafunsa ngati manyowa angalowe m'malo mwa feteleza. Kunena zoona, dengu la manyowa liribe cakudya ca mbeu cofanana ndi dengu la feteleza, ndipo kututa manyowa kupita ku munda wa kutali ndi nchito yowawa kwa munthu wopanda ngolo. Wonena kuti nzopepuka sanasenzepo. Koma manyowa amacita zimene feteleza sangathe: amafewetsa nthaka, amasunga cinyontho mvula ikadukiza, ndipo amagwira feteleza kuti asakokoloke. Munda wolimidwa caka ndi caka ndi feteleza yekha umauma ngati njerwa, ndipo thumba limene linali kukwanira kale silikwaniranso. Mtengo wace nawo wasintha. Makuponi a feteleza wotsika mtengo anayamba mu 2005, koma sanafikire ali yense. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mitengo pa dziko lonse, mu November 2023 kwaca inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 mwa 100, ndipo pofika 2025 thumba la makilogalamu 50 linali litapitirira K100,000. Ndico cifukwa cace alimi ambiri anatembenukira ku manyowa ochedwa Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono ndi madeya, phulusa, ndowe zouma zopera ndi madzi, ndi kumanga m'thumba losalowa mpweya masiku 21. Zitatu mwa zinthu zimenezi zinali kutayidwa ku dzala. Miyeso yace mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya Lobi akhoza kuonetsa.

Pamenepa pali mlandu wa moto wa m'minda. Mapesi ambiri amapsa m'August ndi September cifukwa ca kusosa mwaulesi ndi kusaka mbewa. Mbewa ndi ndiwo yabwino, palibe wotsutsa. Koma munda wa ekala wopsa cifukwa ca mbewa zodzaza mbale imodzi wataya zofunda zace zonse, ndipo mvula yoyamba idzagwa pa nthaka yamaliseche.

ZIMENE CISWE CIKANA

Mulu waciwiri ndi waung'ono, koma ndiwo wobvuta. Njira yoposa zonse ndiyo kuucepetsa usanafike pa khomo. Dengu, cikwama ca mlaza kapena thumba losoka ndi citenje cakale zimatha zaka. Botolo limodzi lotsukidwa bwino likhoza kugulira mafuta ophikira caka conse, ndipo kambale ka cibvundikiro kakhoza kutengera chipisi kapena nyama. Wogulitsa sakwiya ndi munthu wokana jumbo, pakuti naye amacita kugula. Cobvuta ndi manyazi okha, poti ena ayesa kuti kunyamula dengu ndi kwa cimidzi. Manyazi amenewa alemeretsa eni mafakitale, ndipo oluka madengu a m'mudzi momwemo asowa ogula.

Kugwiritsanso nchito cinthu cakutha anthu a m'midzi safuna kuphunzitsidwa. Malegeni a cubu cakale amanga katundu pa njinga, amisiri amasula zitini kukhala koloboyi ndi fanulo, ana amakulunga mpira ndi majumbo, ndipo mapaketi a shuga amasanduka macubu ofeseramo mitengo. Zitsulo zakutha ziri ndi ogula ace. Zitini ndi mabotolo osagwira nchito zisasiyidwe cagada pa bwalo m'dzinja, cifukwa madzi oima sabata imodzi kapena ziwiri akwanira kuswetsa udzudzu.

Koma pali cinthu cimodzi cimene sicigwiritsidwanso nchito ngakhale cioneke cokongola cotani, ndico botolo la mankhwala opopera mbeu. Dera la matimati ndi kacewere limapopera kwambiri, ndipo mabotolo ace ndi olimba, a zitsekero zabwino, okopa mai wofuna posungira mcere, mafuta kapena thobwa la mwana wa sukulu. Mankhwala amalowerera m'pulasitiki, ndipo sopo sangawacotse onse. Botolo likatha, mlimi athiremo madzi kufika gawo limodzi mwa magawo anai, atseke, akhuchumule bwino, ndi kuthira madziwo mu sipuleya kuti akapopere ku munda komweko. Acite cotero katatu. Atatero aboole botololo pansi ndi msomali kapena cikwanje kuti wina asalitole. Lisatsukidwe pa citsime kapena mu mtsinje, lisaponyedwe m'dimba, ndiponso lisaochedwe. Mabotolo oboolawo asungidwe m'thumba, pamwamba posafika ana, kutali ndi nkhokwe, ndipo mlimi afunse mlangizi kapena wogulitsa mankhwala za kumene angawapereke. Dziko liri ndi lamulo la mankhwala otere la caka ca 2000, ndi bungwe loyang'anira ochedwa Pesticides Control Board. Makalabu a alimi ali ndi mphamvu yofunsa kuti ogulitsa azilandiranso mabotolo ao.

Mabatire a toci ndi a wailesi asaponyedwe pa moto kapena pa manyowa, ndipo ana asaloledwe kuwaswa. Batire lalikulu la sola kapena la galimoto liri ndi asidi ndi mtobvu, ndipo mtobvu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo osabwereranso. Batire lotere libwezedwe kwa ogulitsa kapena kwa ogula zakutha liri lathunthu, losaswa.

Matewera ogula afika ndi m'midzi momwe. Oponyedwa m'cimbudzi amacidzaza msanga popeza saola. Otayidwa pa chire agaru ndi nkhumba zimawakokera pa bwalo. Anthu ena ayesa kuti cimbudzi ca khanda ciribe matenda, koma si zoona. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yace ndi yomweyo, kucokera ku cimbudzi kupita ku madzi ndi ku cakudya. Zoipa za m'thewera zigwetsedwe m'cimbudzi, thewera likwiriridwe mozama, ndipo mai asambe m'manja ndi sopo. Thewera la nsaru locapa ndi kuyanika pa dzuwa likali lochipa kuposa onse.

Za kuocha majumbo, anthu ambiri ayesa kuti ndiwo ukhondo. Amai ena amakolezera nawo moto m'mawa nkhuni zikanyowa. Khichini ya m'mudzi ndi yaing'ono, mazenera alibe, ndipo mwana ali ku msana. Utsi wa pulasitiki uli ndi ziphe zopweteka maso ndi mapapo, ndipo cakudya cophikidwa kapena kuochedwa pa moto wotere sicabwino. Zitsononkho zouma ndi timitengo tosungidwa pa tsindwi zimakoleza moto bwino lomwe. Cizolowezi cina coyenera kuleka ndico kubvundikira mphika wa mbatata kapena wa cimanga cowiritsa ndi jumbo. Masamba a nthoci anali kugwira nchito imeneyi kale.

Zotsala zimene sizingagulitsidwe kapena kubwezedwa, monga magalasi osweka ndi majumbo ong'ambika, zipite m'dzenje lace lace, lozama, lotalikira mamita 30 kucokera pa citsime kapena mjigo, ndi kunsi kwace kwa madziwo, osati kumtunda. Nthawi ndi nthawi pathiridwe dothi kuti mphepo isaulutse ndi mbuzi zisafike. Kukwirira si mankhwala eni eni, ndi kubisa cabe; koma dzenje lolandira zosaola zokha limatha zaka lisanadzaze.

APHUNZITSI NDI MAFUMU

Mu November 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lacisanu laciwiri la mwezi uli wonse. Kusesa nkwabwino. Koma kawiri kawiri kusesa kwa gulu kumathera pa mulu umodzi waukulu woyatsidwa moto, masamba ndi majumbo pamodzi, ndipo manyowa a dimba lonse la sukulu amakwera kumwamba ndi utsi. Mphunzitsi ali ndi mwai umene mlangizi alibe, pakuti amaona ana a makomo onse masiku asanu pa sabata. Sukulu yokhala ndi maenje awiri, ndi mulu wa cimato pafupi ndi dimba lace, imaphunzitsa zambiri kuposa phunziro la pa bolodi. Ana a Sitandade 5 kapena 6 akhoza kubweretsa zosesa za tsiku limodzi, kuzilekanitsa, kuziyeza pa sikelo ndi kuwerengera za mwezi ndi za caka. Amenewo ndi masamu ndi zaulimi nthawi imodzi. Akhozanso kukwirira khoko la nthoci, pepala, kansaru ndi jumbo, ciri conse pa malo ace, ndi kukafukula pakutha pa teremu. Cinthu cimodzi aphunzitsi apewe: kutola zinyalala kusakhale cilango ca ocedwa. Mwana wotola mapepala cifukwa walakwa amakula akudziwa kuti nchitoyo ndi ya olakwa.

Mafumu nawo akumbukire za malimidwe. Lamulo la 1946 losamala nthaka linali ndi nzeru zina zabwino, monga mizere yopingasa pa matsitso, koma m'zaka za m'ma 1950 linayendetsedwa ndi faindi ndi ndende, ndipo anthu anadana nalo pamodzi ndi nzeru zace zomwe. Nyakwawa yofuna maenje awiri m'mudzi mwace iyambe yakumba pa khomo pace. Pamene pafunikadi lamulo la mudzi ndi pa zinthu zopweteka anthu ena: botolo la mankhwala lotayidwa ku dambo, thewera pafupi ndi mjigo, ndi moto wa m'munda wa mwini.

Pa msika wa Lobi, tsiku la msika likatha, pamatsala milu ya masamba a kabici, matimati ophwanyika, makoko a nzimbe ndi ndowe za ng'ombe za ngolo. Komiti ya msika ikaika madengu awiri pa mzere uli wonse, kalabu ya alimi kapena sukulu yapafupi ikhoza kututa zoolazo ndi ngolo m'mawa mwace. Nthawi yoyenera kuumba milu ikuluikulu ndi April mpaka June, pamene mapesi angocoka kumene, deliya akali wobiriwira ndipo madzi akalipo m'madambo. Mulu woumbidwa mu May umakhala utapsa pofika nthawi yokonza mizere mu September ndi October.